Zala Zanga pa Mkono wa a Josiah

Lolemba, 8 Januwale 2024

Mvula kuyambira m'bandakucha. Ndabwerako kotchola tiyi nditanyowa mpaka m'kati.

Kope ili anandipatsa a Hopeson, aja a mafizo, olimbitsa ziwalo zofooka, kuchipatala cha paboma. Akuti ndizilemba zimene amuna anga a Josiah akwanitsa tsiku lililonse. Kutsogoloko ndikulemba zimenezo. Kumbuyo kuno ndi kwanga. Wina womuuza ndilibe.

Lero mkono wamanja autukula kufika pachifuwa. Zala ayi. Phala amaliza.

Sitiroko inawagwira mu Seputembala, kudulira tiyi kutangotha. Anagwa pampopi akusamba m'manja. Munthu amene ankadula nthambi kamodzi kokha, mwaa, osabwereza, anzawo n'kumabwera kudzaonera podulapo. Tsopano mbali yonse yamanja ndi katundu. Mawu anapita. Latsala limodzi: "Eya." Mukufuna madzi? Eya. Simukufuna? Eya. Mutu nawo amagwedeza mosokoneza, pena kuvomera akufuna kukana. Tsiku lina ndinawafunsa ngati iwo ndiye bwana manijala wa esiteti ino. Eya. Ndinaseka. Anandiyang'ana moipidwa, sindinabwerezenso.

Masana amawazonda Queen wa nyumba yoyandikana nayo, akapeza mpata pa mandasi ake. Kuwanyamula ayi, akuti msana. Ndiye amandidikira pamatiresi mpaka ndiweruke.

Lachitatu, 10 Januwale

Munda wa kuphiri, uja wotsetsereka. Tiyi akuphuka ngati wapenga ndi mvulayi.

M'mawa zala zanga zimadziwa zokha. Masamba awiri ndi kansonga, thyo, thyo, kuponya m'basiketi kumsana, osayang'ana n'komwe. Zaka zonsezi. Koma dzuwa likapendeka zimasanduka za munthu wina. Ndikufuna kansonga, ndazula ndi kamtengo komwe. Ndikufuna kugwira pang'ono, ndafinya tsamba mpaka lada. Pena ndatsegula msanga, masamba agwera pansi pa tchire.

Pasikelo a Elson, kapitawo wathu, anapisa dzanja m'basiketi mwanga n'kutulutsa timitengo. Sanakalipe. Anangofunsa ngati mayi Tabita ayamba kutola nkhuni. Anthu anaseka. Ndinakhala pansi kusankha, anzanga akupita.

Chodabwitsa, mphamvu ndimakhala nazo. Basiketi yodzaza ndimakwera nayo chitunda bwinobwino. Chimene chimandithawa ndi muyeso.

Madzulo dzira la a Josiah, limodzi lomwelo. Ndangolitola m'mbale, phwa, m'dzanja. Ndinaima n'kumaliyang'ana likuyenderera m'zala. Iwo ali pamatiresi akuona zonse.

Adya phala lopanda kanthu.

Lachisanu, 12 Januwale

Kuchipatala m'mawa. Panjinga yamoto atatu, iwo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. Matope mpaka m'mawondo pokafika pamsewu wa tala.

A Hopeson ndi munthu wachete, wamtali, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Lero anatenga kachikwama kaja amapimira BP, n'kukapinda, n'kukapopa pang'ono. Anakaika m'dzanja la a Josiah. Akuti finyani mpaka kamuvi kafike apa, ndiye mukasunge pomwepo, kasakwere, kasatsike.

Kanafika. Ndinaona ndi maso anga, kanafika! Kanaima pang'ono. Kenako kanayamba kuvina, kukwera, kutsika, kukwera kwambiri, kugwa. A Josiah thukuta pamphumi, mano akukukuta, phewa lonse lakwera mpaka kukhutu. Ankafuna kupitiriza. A Hopeson anawalanda. Akuti kamuvi kakayamba kuvina ndiye kuti basi, mnofu watopa, zotsatirazo sukuphunziranso kanthu. "Sitikufuna mphamvu zokha, bambo. Tikufuna mphamvu zomvera."

Ndinapempha ndiyeseko. Kamuvi kanga kanaima njii ngati kakhomedwa ndi msomali. A Hopeson anati manja a wotchola tiyi ndi choncho. Ndinasangalala ngati kamwana. Manyazi pambuyo pake, kusangalala pamaso pa munthu amene dzanja lake lakana.

Pobwerera sanandiyang'ane.

Lamulungu, 14 Januwale

Sindinapite kutchalitchi. Ndiwasiyira ndani?

Miyezi yoyamba ija amayi a mvano ankabwera, nyimbo, sopo, shuga. Anzawo odulira tiyi ankakhala pakhonde kuwasimbira za kumunda. Tsopano matenda akhalitsa, asanduka mbali ya nyumba ngati chitseko. Anthu amadutsa, "Muli bwanji kumeneko?" osadikira yankho. Sindikuwada. Munthu ungacheze mpaka liti ndi woyankha eya?

Joy waimba kuchokera ku Lilongwe. Mwana wathu mmodzi yekhayo, akulera ana a eni ake. Madamu ake sampatsa mpata. Ndinaika foni pakhutu la bambo ake. Anamvetsera, maso ali kudenga, pakamwa pakugwedera. Mayunitsi anatha asanatulutse ngakhale liwu lawo lija.

Ndachapa zofunda zonse. Siziuma. Fungo la mkodzo ndi la utsi m'nyumba monse.

Ndinawameta ndevu. Lamulungu ndimameta bwino, osawacheka. Pakati pa sabata sindiyerekeza.

Chimene ndimasowa kwambiri si thandizo. Ndi kukangana. Bamboyu ankatsutsa chilichonse, mchere, wailesi, kayalidwe ka mphasa. Lero ndinathira dala mchere wambiri m'chigwada kuti ndione. Anadya.

Lachinayi, 18 Januwale

Ndaona chinthu.

Ndimawasambitsa ndikangofika, madzi asanazizire, kusanade. Kuwadzutsa pamatiresi, kuwakhazika pampando, kuchoka pampando kupita pandowa yodzithandizira, kubwerera. Ndimagwira mkono wofookawo pamwamba, pafupi ndi m'khwapa, dzanja linalo m'chiuno.

Ndikuvula malaya, mikwingwirima. Kunja kwa mkono madontho anayi akuda, m'kati limodzi lalikulu. Ena achikasu, akale. Ena atsopano. Ndinaganiza kuti mwina agwa masana, Queen sanandiuze. Kenako ndinaikapo dzanja langa.

Chala chilichonse pamalo pake.

Ndinakhala pansi, pasimenti ponyowapo. Sindikumbuka tsiku limene ndinawafinya. Ine ndimamva ngati ndagwira pang'ono, mwinanso moperewera, ndimaopa kuti andipulumuka. Mbali imeneyo samva bwino, ndiye mwina sadziwa. Kapena amadziwa. Anganene bwanji?

Ndinawafunsa ngati ndimawapweteka. Ndinadziwa yankho ndisanafunse. Ndine chitsiru.

Ndawaveka malaya a manja aatali.

Loweruka, 20 Januwale

Tsiku loipa. Masamba ambiri, lole yachedwa, taweruka mochedwa. Chakudya chimene amatipatsa kumunda ndimadya theka, theka ndimamanga kubweretsa kuno. Lero ndinamanga chonse, nyemba zinali zabwino.

Ndinapeza adziipitsira. Anadikira, anadikira, analephera. Nkhope atatembenuzira kukhoma.

Ndilembe zoona, kope ndi langa. Ndinakwiya. Osati ndi iwo kwenikweni. Ndi fungo, ndi msana wanga, ndi nkhuni zonyowa, ndi Queen amene ndimamva akuseka kuseri kwa khoma. Koma amene anali pafupi ndi iwo.

Powadzutsa manja anga ankanjenjemera kuyambira m'zigongono. Mwendo wawo unaterera. Ndinagwira ndi zonse zimene ndinali nazo, tonse tinagwera pakhoma. Sanavulale mutu. Koma zikhadabo zanga zinalowa, pakutuluka magazi pang'ono.

Pomwepo Queen pakhomo, wabwera kudzapempha moto. Iwo ali chosavala, ine nditawagwira, mkono uli poyera. Anayang'ana mkonowo. Anayang'ana ine. Anati abweranso, n'kupita wopanda moto.

Funso limene likundidya: kodi ndi kutopa kokha, kapena mkwiyo umatsikira m'zala ine osadziwa? Ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi kanthu. Sindinawaponyerepo ngakhale chikho.

Lachiwiri, 23 Januwale

Ndikuweruka ndapeza nsapato zachilendo pakhomo. Alamu anga a Mildred, achemwali awo aakulu a Josiah, a ku Thekerani. Ndi amene anawalera mayi awo atamwalira. Chidwalireni abwera kawiri kokha, ulendo ndi wautali, sindiwanena. Lero abwera osaimba foni. Ndiye kuti wina anawaimbira.

Moni wanga anayankha ndi mphuno. Anali atawavula kale malaya.

Anagwada pafupi ndi matiresi, n'kundiloza. "Achimwene, ndi awa akukupangani zimenezi?"

Eya.

Ndinati alamu, liwu limenelo amayankha pa chilichonse, afunseni ngati ndine mbuzi muone. Sanandimve. A Josiah anayamba kumenya matiresi ndi dzanja lamanzere, eya, eya, eya, misozi ikutsika, akuyang'ana ine, akuyang'ana iwo. Ine ndikudziwa kuti amakana. Ndikuganiza kuti amakana. A Mildred anati taonani mmene akulirira mwana wa mayi anga.

Anandifunsa maso ndi maso ngati zala zimenezo si zanga. Ndikanatani? Ndinati ndi zanga. Ndinayamba kufotokoza za kunyamula, za masana, za dzira. Ndikudzimvera ndekha, zinkamveka ngati bodza la mwana. Anati munthu wotopa manja amafooka, safinya. Anati ngati ndatopa nawo ndikanangonena, kwawo kulipo, abale alipo.

Agona pamphasa pafupi ndi achimwene awo. Ine kuchipinda. Nyumba yanga yomwe.

Ankhoswe anga anali amalume, anamwalira chaka chatha. Otsala ali ku Milanje, kutsidya kwa malire. Wondiyankhulira palibe.

Lachinayi, 25 Januwale

Awatenga.

Ndinapita kuntchito, nyengo ino sujomba. Pobwera chitseko chongotsekedwa ndi kamtengo. Matiresi palibe. Ndowa palibe. Mankhwala, bulangete, malaya awo onse. Mpando anausiya pakati pa nyumba.

Queen akuti inabwera galimoto ya mwana wa a Mildred cha m'ma teni. Ananena ali chotembenuka, akutembenuza mandasi. Kenako anati iye anangonena zimene anaona. Ndinati zikomo. Sindikudziwa chifukwa chake ndinati zikomo.

Ndaimba foni. Ikulira, osayankha.

Nyemba za kumunda ndinali nditamanga kale. Zili patebulo.

Lachisanu, 26 Januwale

Linali tsiku lawo la mafizo. Ndinatchola mpaka masana, n'kupempha a Elson, n'kupita ndekha. Kukatani, kaya. Mwina kungoti wina adziwe kuti sanajombe dala.

A Hopeson anali akutseka mawindo. Ndinawauza zonse, ndi za mkwiyo wa Loweruka zomwe. Sanadabwe, sanandilimbitsenso mtima ndi mawu okoma. Anafunsa kuti ndadya chiyani. Anafunsa kuti ndimawanyamula nthawi yanji, ndimagwira pati. Kenako anatulutsa kachikwama kaja.

Dzanja lomwe lija linaima ngati msomali tsiku lija. Lero kamuvi kakuvina. Ndikuti ndikakhazike, kakudumpha. Ndikumasula pang'ono, kagwa. Mkono wonse kuwawa mpaka m'khosi, ntchito yake yochepa yomweyo. Anati nditsinzine, ndifinye monga ndikuganizira kuti ndafika pamzere. Ndikutsegula maso, kapitirira kutali. Kachiwiri, kaperewera. Kachitatu kapitiriranso.

Anandifotokozera, ndilembe ndisanaiwale. Akuti mnofu suli chinthu chimodzi, muli timinofu tambirimbiri ngati gulu la antchito. Ntchito yopepuka amayamba ndi ting'onoting'ono, todya pang'ono, topirira, todziwa muyeso. Tikagwira tsiku lonse, mphamvu zimatha msanga kuposa mmene magazi akubweretsera zina, makamaka munthu ukagwira osamasula, chifukwa mnofu wolimba umapana misempha yake yomwe. Ndiye ubongo umaitana tina tikulutikulu kuti tithandize. Timeneto mphamvu tili nazo, koma timadya kwambiri, timatopa msanga, ndipo timabwera modumpha, osati pang'onopang'ono. Ntchito yomwe ija imayamba kudya mphamvu zambiri, n'kumatuluka yokhotakhota. Pamwamba pake dzanja lotopa silimuuzanso mwini wake zoona za mmene lagwirira. Ukaopa kugwetsa munthu, umaonjezera osadziwa.

Akutinso asipilini amene a Josiah akumwa amapangitsa kuti magazi atuluke pansi pa khungu ngakhale pogwira pang'ono.

Ndinafunsa za mkwiyo. Anati zimenezo makina ake sapima. "Koma lero simunakwiyire kachikwamaka, mayi, ndipo mwaona nokha."

Kenako anandikalipira pang'ono. Mkono wofooka sagwira ponyamula, phewa likhoza kuguluka. Akuti anandiuzapo poyamba paja. Mwina. Masiku amenewo sindinkamva kanthu. Anandionetsanso: chitenje m'chiuno mwa wodwala, kumanga ngati lamba, kugwira chitenjecho, mawondo ako kutsekereza bondo lake, kudzuka ndi miyendo. Ndipo usananyamule, khala pansi kaye, imwa madzi, idya kanthu, tambasula zala. Wodikira tsiku lonse akhoza kudikira pang'ono pena.

Anati a Mildred abwere nawo, awafotokozera okha. Ndinati chabwino. Sindinawauze kuti foni sayankha.

Ndinalira mu minibasi, nkhope kuwindo. Kupepukidwa kapena chiyani, sindikudziwa. Zonsezi ndadziwa matiresi atapita.

Lachiwiri, 30 Januwale

Kugona mpaka belu la kuntchito. Thupi silichita manyazi, likupuma.

Ndikudya chakudya changa chonse kumunda. Ndikafika kumapeto kwa mzere ndimatsitsa manja, kutambasula zala, kupuma kangapo, ndiye kulowa mzere wina. Anzanga amandipitirira pang'ono. Masana zala zimasokonezabe koma mochedwerapo. A Elson anapisa dzanja m'basiketi, n'kulitulutsa, osanena kanthu. Kwa iwo ndiye kuyamika kumeneko.

Pampopi ndikafika nkhani imatha. Mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi nane. Mwina anangomukoka. Ndayamba kuona zinthu paliponse.

Madzulo manja alibe chochita. Ndasesa kawiri. Ndinapezeka ndatenthetsa madzi ambiri, a anthu awiri.

Loweruka, 3 Febuluwale

Joy waimba akulira. Azakhali ake amuuza. Anandifunsa kuti amayi, n'zoona? Ndinayamba za timinofu, za kamuvi. Anati amayi ine sindikumva zimenezo, ndikufunsa ngati munawamenya adadi. Ndinati ayi. Anati chabwino. Chabwino wake sanali wathunthu.

Ndatumiza uthenga kwa a Mildred. Sindinadziteteze. Ndangolemba kuti mankhwala aang'ono oyerawo ndi a m'mawa atadya, phala lisakhale lamadzi kwambiri amatsamwa, ndipo asawagwire mkono wamanja powadzutsa. Wawerengedwa. Yankho palibe.

Amawatembenuza? Mafizo akuwapangitsa? Akudziwa kuti akayang'ana kukhomo kawiri ndiye kuti akufuna ndowa?

Mpeni wawo wodulira uli pamwamba pa chitseko pomwe anausiya. Wayamba dzimbiri. Ndaupaka mafuta.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Palibe cholemba. Mvula. Tiyi. Nyumba.

Ndalankhula ndi mpando.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Foni masana ndili pakati pa mzere. A Mildred. Ndinayankha.

Moni sanapereke. Anati achimwene sakudya bwino. Kenako anafunsa kuti kodi phala lake ndinkaphika bwanji. Ndinawauza. Anati ayesa choncho, akukana. Anati Lamulungu amakhala ali kumunda m'mawa, koma masana amapezeka pakhomo. N'kudula.

Sanati bwerani. Sanatinso musabwere.

Ndagula nthochi, sopo, lezala.

Lamulungu, 11 Febuluwale, ku Thekerani

Ndikulemba nditatsamiritsa kope pabondo, zilembo zikupita uku ndi uku.

Msewu woipa, minibasi inatitimira kawiri. Ndinafika masana. A Mildred amapemphera Loweruka, ndiye lero anali kobandira chimanga chawo kuphiri kuyambira kum'mawa. Ndinawapeza akungofika, khasu lili paphewa, matope mpaka m'ntchafu. Munthu wamkulu, wamasiye, mundawo amalima yekha. Ana ake ali m'tauni. Aonda kuposa mmene ndinawaonera kwathu kuja.

A Josiah pakhonde lakuseri, pamatiresi athu. Ndevu thoo. Masaya alowa. Atandiona anatsegula pakamwa, palibe chimene chinatuluka. Ndinagwada, ndinapereka moni monga mlendo, chifukwa alamu anali ataima pamenepo.

Ankafuna ndowa, ndinaona maso. A Mildred anaponya khasu n'kupita kukawadzutsa, osasamba n'komwe, osakhala pansi. Anagwira mkono uja, malo omwe aja. Ndinaona zigongono zawo zikunjenjemera, zala zikulowa m'mnofu. Malaya anakwera. Madontho anga anazilala kale, achikasu. Pamwamba pake pali ena akuda, atsopano, a zala zazifupi kuposa zanga.

Anaona kuti ndaona. Anatsitsa malayawo msangamsanga. Ndinakumbuka kuti inenso ndinachita chimodzimodzi.

M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndidzanene. Palibe limene ndinanena. Ndinangoti alamu, takhalani pansi kaye, idyani nthochi, adikira. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kenako anakhala pansi pakhonde. Anadya ziwiri, manja akugwederabe, khoko likuwavuta kusenda.

Ndinamasula chitenje changa chapamwamba, n'kumanga m'chiuno mwa a Josiah. Ndinawaonetsa pogwira, poika mawondo. Tinadzutsa awiri, iwo uku ine uku. Kupepuka kwake. Miyezi yonseyi sindinadziwe kuti bamboyu akhoza kupepuka chonchi.

Tikutsuka ndowa kuseri, a Mildred analankhula akuyang'ana madzi. Akuti sabata yoyamba ankaganiza kuti ndi mikwingwirima yanga yomwe ija ikuchedwa kupola. "Ine ndimangoti ndagwira pang'ono, alamu." Pepani sananene. Sindikudziwa ngati adzanene. Ndinawauza za a Hopeson, kuti akufuna tipite nawo tonse. Anati aganiza. Za kubwerera nawo ku esiteti sitinakambe. Za kuuza Joy anati amuimbira okha.

Ndawameta. Ndaphika phala monga ndimaphikira, palibe chosiyana ndi la alamu. Amaliza, n'kuyang'ananso m'mbale.

Tsopano dzuwa lapendeka. Mawa Lolemba, munda wa kuphiri, a Elson amaitana maina kusanache bwino. Ndinatsanzika, ndinatenga chikwama, ndinagwada kuti ndiwauze kuti ndibweranso Lamulungu. Ndinaika dzanja langa lamanzere pa lawo lija lofooka.

Zala zinatseka. Zala zomwe sizinandigwirepo chidwalireni. Zandigwira pamkono, zolimba, zikunjenjemera, pena kufinya mpaka kuwawa, pena kumasuka pang'ono, ndikati ndisolole zafinyanso. A Hopeson anandiuzapo kuti dzanja lotere nthawi zina limatseka lokha, kutsegula n'kumene kumavuta. Ndiye sindikudziwa ngati akundigwira ndi iwo kapena ndi matenda. Ndayang'ana nkhope. Akuyang'ana kuchimanga, nsagwada zili gwa, monga ankachitira akakana kugonja pa mkangano.

Ndikhoza kutambasula zalazi chimodzichimodzi, ndinaphunzitsidwa. A Mildred adutsa kawiri, aona. Kachitatu adutsa ndi mphasa, alowa nayo m'nyumba.

Kumsewu kondakitala akukuwa Thyolo, Limbe, minibasi yomaliza. Mawa pakhala madontho pamkono panga, ndikumva kale pomwe adzakhale.

Yaliza hutala. Yanyamuka.

Sanamasulebe